Njinga Yopanda Buleki ndi Masamba a Jelasi

Lolemba, 6 Okutobala

Mvula. Osati mvula yeniyeni yoti munthu n'kudzala chimanga, koma ija ya kuno ku Ireland, yongolavula.

Kope latsopano. Agnesi, mwana wanga, akuti akaweruka ku chipatala mutu umakhala ukumuwawa kale, ndiye nkhani zina ndiziuza pepala. Chabwino. Pepala silinena kuti, "Ababa, imeneyo mudanena kale." Kulemba ndidaphunzira ku sukulu ya kwacha imvi zili mbuu, choncho cholembera chikuyenda ngati njinga pa chitunda cha ku Nkhoma. Koma chifika.

Nkhani yake ndi njinga.

Mwezi watha ndidagwa. Kunena zoona sindidagwe ine, njira ndiyo idatha. Kuno akumanga tinjira ta njinga paliponse, tofiira, totchinga ndi timitengo tapulasitiki. Ukadzuka m'mawa upeza kena kaphuka ngati bowa. Koma kena kamangotha osatsanzika, iwe uli mkati mothamanga. Ndidapezeka ndakumbatira chikwangwani. Kuyambira pamenepo Agnesi akuiyang'ana njinga yanga ngati kabawi pa anapiye.

Wolakwa wina ndi pakamwa panga. Dzulo pa tiyi wa pambuyo pa Misa ndidanena kuti pa msewu wa Kamphata mpaka Nkhoma padalibe wa kabaza wondiposa, kupatula malemu Jelasi mnzanga, ndipo iyenso Lachiwiri lokha. A Tembo, a ku Chipata aja okonza njinga ku Drumcondra, adaimva. Akuti kumwera kwa mzinda kuli bwalo la mpikisano wa njinga, ndipo Loweruka kuli mayeso a obwera kumene. Malaundi teni pamodzi ndi anzako, osaima, osatsika. Ukatha, akupatsa kakhadi koti uzipikisana nawo.

Agnesi wagamula lero, supuni ili m'manja: "Mukabwera ndi kakhadiko, njinga ndi yanu. Mukalephera, ipita. Muzikwera basi ngati agogo anzanu."

Teni basi! Ine?

Zimene ndidanyamulapo pa kaliyala m'zaka zanga:
- mayi woyembekezera, apongozi ake, ndi beseni
- nkhumba yamoyo
- bokosi la maliro (lopanda mwini)
- mphunzitsi wamkulu ataledzera. Uyu ndiye adaposa nkhumba

Pulani: mawa kuchoka kuno ku Finglas mpaka Moore Street, phazi osakhudza pansi kupatula pa maloboti.

M'dziko muno njinga ndi chinthu chokhacho chimene ndimachita popanda wondiperekeza. Ku chipatala, Agnesi. Ku ofesi ya mapepala, Agnesi. Makina ochapira nawo amamvera Agnesi yekha. Ikapita njinga, nditsala ine ndi windo.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Kunyamuka: naini koloko.
Kufika Moore Street: hafu leveni.
Ulendo wa mphindi twente-faifi!

Kanjira katsopano n'kabwino, ndisaname. Kosalala ngati pamimba pa mlamba. Ndatsetsereka, mphepo m'makutu, mtima ukuti kakhadi n'kako kale mdala. Ndiye ndafika pa mpanda wa manda a ku Glasnevin. Manda amenewo, abale, ndi mudzi wathunthu wokhala ndi nsanja zake.

Galimoto yakuda, yaitali, bokosi likuonekera pa galasi. Ikukhotera pa geti.

Sindidaganize n'komwe. Mwendo wadutsa wokha pamwamba pa chishalo, ndili pansi. Maliro akudutsa, iwe uli pa njinga? Udabadwa kuti?

Vuto ndi chipewa. Chipewa cha njinga cha kuno chili ndi loko pansi pa chibwano. Pamene ndikulimbana nacho, malemu alowa kale. Ndachivula mochedwa, ndapepesa chamumtima. Ndavalanso, ndatseka loko, phazi pa pedulo. Galimoto ina yakuda! Kutsika. Loko. Kuvula. Kuvala. Yachitatu!

Anthu atatu m'mawa umodzi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wolira mokweza. Mayi wina wadutsa pambali pa bokosi akuthamanga, khofi ali m'manja, mawaya m'makutu. Kumbuyo kwanga mabelu ngiringiri, anthu a mabuluku othina akundilambalala, wina wanena mawu amene Agnesi wakana kundimasulira.

Foni yalira ndili pa mlatho. Agnesi amandiona pa foni yake ngati kadontho.

"Ababa, kadontho kakuonetsa kuti mukuyenda pansi."

Ndamuuza kuti kadonthoko kali ndi ulemu.

Ku Moore Street ndagula therere louma ndi tsabola, kuti ulendo ukhale ndi dzina. Pobwerera ndakankha mpanda wonsewo mwadala, chipewa m'manja, kuopa kuvutikanso ndi loko.

Masiku otsala: anayi. Bondo lamanzere layamba kulankhula.

Lachitatu, 8 Okutobala

Nzeru zatsopano: kuwazemba manda. Kuli kanjira kena ka njinga kotsata mtsinje, kodutsa m'mitengo, kotulukira cha ku Drumcondra. Akufa kulibe kumeneko. Agalu okha, ovala majekete.

Ndapalasa bwino mphindi seveni. Seveni! Ndawerenga.

Pokhota, nthambi. Yaiwisi, masamba ake onse, yagona chopingasa kanjira.

Ndikudziwa. Ndisanamizire umbuli, pepala iwe. Ndikuwaona anyamata a majekete achikasu ali m'mwamba ndi macheka, akusadza mitengo. Mutu ukuti, "Awa akudulira mitengo, pita." Koma mwendo sudapite ku sukulu ya kwacha. Mwendo ukudziwa chimodzi: masamba pamsewu ndiye kuti pamudzi pagwa zovuta. Utsike, uvule chipewa, ukankhe mwakachetechete mpaka upeze masamba achiwiri, pamenepo ndiye ukwere.

Ndatsika.

Ndidaphunzira ndi misozi zimenezi. Ndili mnyamata ndidadutsa masamba pa mudzi wina cha ku Mazengera, ndili pa liwiro, ndikuimba mluzu. Adzukulu okumba manda adandigwira, njinga adaitsamiritsa pa mtengo, ine adandipatsa khasu. Ndidakumba manda a munthu wosamudziwa mpaka m'chiuno. Amene adabwera kudzandipepesera ndi Jelasi. Adandiseka zaka makumi atatu.

Ndiye lero ndikukankha, ndikufunafuna masamba achiwiri. Kulibe! Azungu amaika oyamba okha. Ndadutsa bwalo la mpira, ndadutsa mlatho, ndadutsa abakha. Kenaka nthambi ina. Ndakwera, mtima pansi. Mapedulo faifi, nthambi yachitatu. Kutsika. Yachinayi, kukwera. Pa yachisanu ndi chiwiri ndasokoneza chiwerengero, sindikudziwanso ngati ndikulowa m'maliro kapena ndikutuluka. Ndangokankha mpaka ku shopu ya a Tembo.

A Tembo aseka mpaka kukhala pansi pa tayala.

"Ba mudala, manje apa si kumunzi! Mwezi uno mitengo yonse itaya masamba. Muzayenda pansi mpaka Khirisimasi?"

Pobwerera ndakumana ndi Abambo a ku parishi, a ku Dedza aja. Ndawafunsa ngati kuli pemphero la mwendo. Akuti Mulungu amaona mtima. Ndikudziwa, Abambo. Koma Agnesi amaona kadontho.

Zowawa lero:
- bondo
- chibwano, pamene loko adatsina
- ulemu wanga

Lachinayi, 9 Okutobala

A Tembo anditenga pa vani kukaona bwalo. Tadutsa mzinda wonse, tawoloka mtsinje waukulu, paliponse akukumba, paliponse timitengo tapulasitiki. Akuti tsiku lina munthu adzachoka ku Finglas mpaka kunyanja osakumana ndi galimoto. Ine ndidzakhala ndili mkati mwa mpanda uja, ena akundidutsa ndi khofi.

Bwalo lake ndi msewu wodya mchira wake. Sulowera kwina kulikonse. Mokhota mwake ndi mopendekeka ngati m'mbali mwa mbale. Pakati kapinga. Kunja kwa mpanda mitengo italiitali, koma pamsewupo psiti, amasesa.

Njinga yake, kalanga ine! Ndaizungulira katatu.
- buleki: palibe
- belu: palibe
- kaliyala: palibe
- magiya: palibe
- kulemera: ngati nkhuku yodwala chitopa

Ndafunsa kuti pasenjala amakhala pati. Mayi woyang'anira, wamfupi, wa wenzulo m'khosi, wayankha kudzera mwa a Tembo kuti pasenjala ndi ine ndemwe.

Mapedulo ake sapuma. Tayala likamazungulira, nawonso akuzungulira, ufune usafune. Mapazi amawamanga ndi malamba. Ukafuna kuima umachita kuinyengerera pang'onopang'ono, ngati ng'ombe ya pangolo yokwiya. Kutsika mwadzidzidzi n'kosatheka.

Pamenepo ndaona kuwala. Njinga yosalola munthu kutsika! Mankhwala a mwendo wanga ndi amenewa!

Ndazungulira kanayi. Posakhalitsa miyendo yakumbukira mwini wake. Mayi wa wenzulo wakweza chala chachikulu. A Tembo akuti, "Mudala, muli na mwendo!"

Ndikadasangalala. Koma ndili pa laundi yachinayi ndacheuka kumanzere kuti ndione ngati Jelasi wandipeza. Zaka zonsezo amadzera kumanzere, akupuma ngati mvukuto, akunditukwana.

Jelasi adamwalira mu Ogasiti. Maliro ake ndidaonera pa foni, mdzukulu wake atainyamula m'mwamba. Masamba adaika, ndidawaona, a mango, pa msewu wathu womwewo. Ndipo ndidaona anyamata a kabaza wa masiku ano, a njinga zamoto, akudutsa pamwamba pake, fumbi koboo, osachepetsa n'komwe moto. Munthu amene adatsikira maliro a aliyense kuyambira Kamphata mpaka Nkhoma! Ine ndili pa sofa ku Finglas, tiyi pa mwendo. Ndidalibe potsika. Munthu utsika bwanji pa sofa?

Sindidamuuze Agnesi zimenezi. Ali ndi odwala ake.

Akadaiona njinga ya lero, Jelasi akadati, "Kuthamanga wopanda katundu ndi masewera a ana." Akadakwera ndithu. Akadandipitirira kumanzere.

Lachisanu, 10 Okutobala

Mphepo. Mabini akugubuduka mumsewu ngati oledzera.

A Tembo atumiza mawu pa foni: "Mudala, ikani nthambi mweka pa kapaki, mupite pamwamba. Kasanu. Mwendo uzazolowela."

Ndathyola kanthambi ku mpanda wa aneba, ndakaika pakati pa malo oimika magalimoto. Ndaika ndekha, ndi dzanja langali. Ndikudziwa kuti palibe wamwalira. Ndabwerera m'mbuyo, ndakwera njinga yanga, ndikudziuza mokweza kuti, "Ndi ya aneba, ndi ya aneba."

Zotsatira:
1. Ndatsika.
2. Ndatsika.
3. Ndatseka maso. Ndatsika ndili chitsekere.
4. Ndaizungulira m'mbali. Mtima wandiweruza, ndabwerera kukatsika.
5. Mphepo yaulutsa nthambi ndisanafike. Iyi ndikuiwerengera ngati kupambana.

Gogo wa pa nambala twelofu amandionera pa windo nthawi yonseyi. Watuluka ndi ambulera, wandifunsa pang'onopang'ono ngati ndikudziwa kumene ndimakhala. Ndamuloza nyumba. Wandiperekeza mpaka pakhomo. Wondiperekeza winanso!

Masana ndapeza Agnesi akuijambula njinga yanga pa foni, mbali zonse, ngati mbuzi ya pamsika. Akuti kuli mtsikana wophunzira unamwino amene amayenda pansi kuchokera ku Cabra.

"Sindikukufunirani zoipa, Ababa. Anthu ogwa pa njinga ndimawasambitsa ine. Sindikufuna kudzasambitsa inu."

Ndangotenga kansanza n'kutuluka panja.

Ndapukuta njinga, ndathira mafuta pa tcheni, ndapopa matayala, ngakhale mawa sindikwera imeneyi. Chilimbikitso changa n'chimodzi: ku bwalo amasesa, ndipo njinga ya kumeneko simva za mwendo.

Wailesi ikuti mawa mphepo ipitirira.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndikulemba ndi dzanja lomanga bandeji. Womanga ndi Agnesi, ndiye ndi yomangidwa bwino.

Teni koloko. Tilipo anthu fotini. Achinyamata, amayi awiri, ndi mdala wina wamimba ngati mtsuko amene ndamuyeza ndi maso n'kuona kuti uyu ndiye ndiwo zanga. A Tembo akupalasa nafe kumbuyo ngati mbusa. Agnesi ali pa mpanda, manja m'thumba, nkhope ya ku chipatala. Pamsewu asesa. Mitengo ya kunja ikuwerama, ikudzuka.

Wenzulo!

Laundi yoyamba, mantha. Yachiwiri, bondo likudandaula. Yachitatu, bondo latopa kudandaula. Yachisanu, ndampitirira wa mtsuko. Ndampitirira kumanzere, mayi wa wenzulo wakalipa, akuti kuno amapitirira kumanja. Pepani, mayi, ndidaphunzira kwa munthu wolakwika. Sikisi. Seveni. Ndikumva Agnesi akukuwa, "Ababa! Ababa!" ngati ali ndi zaka faifi pa kaliyala. Eyiti. Kakhadi ndikukanunkhiza.

Laundi ya naini, mbali ya kutali. Thyoo! Mphepo yathyola nthambi, yaiponya kudumpha mpanda. Yagwa chopingasa, patsogolo pathu. Yaiwisi. Masamba ataliatali, obiriwira, ngati a mango.

Anzanga akwera m'mwamba mwa mbale, ailambalala. Malo odutsa adalipo, ndisaname, okwana ngolo.

Mutu ukuti pita. Njinga ikuti pita. Awiri kulimbana ndi mmodzi. Koma mwendo wauma gwa! Pedulo yandikankha ngati bulu, chishalo chandiponya, ndakhotera pa kapinga, ine ndi njinga tonse phii, tili chimangiriranecho.

Wenzulo katatu. Onse achepetsa liwiro, agwira mpanda, atsika.

Ndamasula malamba. Ndaimirira. Loko wa chipewa, amene wandizunza sabata yonse, watseguka kamodzi n'kamodzi. Ndaidzutsa njinga, ndaibwezera pamsewu pafupi ndi nthambi, ndayamba kukankha.

Mnyamata wina wathamangira kuti akaichotse nthambiyo. A Tembo akuwa m'Chizungu, mawu amene sindidawamvepo pakamwa pawo. Mnyamata waima. Chimene awauza anthuwo sindikuchidziwa, ndipo sindifunsa.

Ndakankha. Dzanja likutuluka magazi, bondo likulira, ine ndikuyang'ana kutsogolo kufuna masamba achiwiri monga mwa masiku onse. Kumbuyo ndikumva nsapato zachitsulo, kwa, kwa, kwa. A Tembo, chipewa m'manja, nawonso akukankha. Bwalo lonse zii. Mphepo yokha. Tadutsa pamene pali Agnesi, sindidamuyang'ane. Takhota mbale yoyamba, takhota yachiwiri.

Ndipo taonani, masamba patsogolo panga! Omwe aja. Pa msewu wodya mchira wake, oyamba ndi omwewonso achiwiri. Sabata yonse ndawafunafuna m'Dublin muno.

Ndawadutsa. Ndavala chipewa. Ndati, "Wafika, Jelasi. Pita."

Ndiye ndacheuka n'kuwerenga. Anthu khumi ndi atatu, kuphatikizapo wa mtsuko, aliyense waima pambali pa njinga yake. Ndikudziwa, adawatsitsa ndi wenzulo. Koma adatsika.

Malaundi anga: eyiti ndi theka pa njinga, imodzi pansi. Ndafunsa ngati angaphatikize. Mayi wa wenzulo waseka, kenaka wapukuta m'maso, kenaka wati ayi. Akuti ndidzabwerenso dzinja la kuno likatha, kupalasa kwanga n'kosalala.

Kakhadi: palibe.

M'vani, titawoloka mtsinje, ndamufotokozera Agnesi chifukwa chake. Iye: "Mukadandiuza za a Jelasi." Kenaka: "Mutu ukadagunda pa simenti paja, bwenzi tikunena zina." Zonse ziwiri n'zoona.

Lamulungu, 12 Okutobala

Mvula yongolavula yabwerera.

A Tembo abwera eyiti koloko ndi vani. Pangano ndi pangano, sindidachonderere. Ndaikweza ndekha. Ndamasulako belu lokha, mtsikana wa ku Cabra agule lake. Ndawauza kuti amuuze: giya yachitatu imadumpha, ndipo kanjira ka kuseri kwa shopu kamatha osatsanzika.

Pamene imaima patsala dontho la mafuta. Agnesi waikapo kale bini.

Ku Misa tapita pa basi. Pamwamba, kutsogolo, ngati ana a sukulu. Basi ili ndi buleki, ili ndi belu, pasenjala ndi ine. Kuchokera m'mwambamo tinjira tofiira tikuoneka bwino kwambiri, tikulowa uku, tikutuluka uko, tonse todzaza masamba. Anthu akungopondapo.

Pa mpanda wa manda mwendo wanyamuka wokha. Agnesi waugwira pa bondo, osandiyang'ana, mpaka mpanda watha. Chipewa ndavula. Cha nsalu, chopanda loko.

Masana ndatumiza mawu pa foni kwa Nangozo, mkazi wa Jelasi. Ndamuuza kuti kuno ku Ireland, pa bwalo la akatswiri a njinga, masamba adaikidwa, mpikisano udaima, ndipo anthu adatsikira amuna anu. Azungu, mayi, a mabuluku othina. Za wenzulo sindidatchule. Za mphepo sindidatchule.

Ndati adalipo twente.

Wayankha akulira, akuti ndinenenso kuti aitane ana amve. Ponenanso akwana sate.

Agnesi ali ku khitchini wamva zonse. Sadanene kuti, "Ababa, imeneyo mudanena kale." Wangofunsa ngati ndikufuna tiyi.

Zimene ndili nazo:
- belu
- bandeji
- windo

Mawa basi ya hafu naini. Ndilibe kopita, koma akuti imazungulira n'kubwerera pomwe idayambira.